Chipewa Chimene Ndinapachika pa Swichi Yaikulu

Chisomo mwana wanga,

Kalata iyi ndikupatsa mawa pa renki ya mabasi, koma usaitsegule mpaka basi ya ku Harare itatuluka mu Bindura. Khalidwe lako ndikulidziwa, unatengera amayi ako, chinthu chomata sichikhalitsa m'manja mwako. Ulendo uno wokha pirira. Ndalemba m'Chichewa chifukwa zinthu zolemera ine ndimazinena bwino m'chinenero chimenechi. Iwe umamva zonse, ngakhale umandiyankha m'Chishona ngati ndine kondakitala wa kombi. Pomwe pakuvute uwerenge motulutsa mawu, pamveka.

Ndiyambe ndi za Lamlungu lija. Unabwera ndi kalata yoti boma lakulemba ntchito ku unduna woona za magetsi ndi mafuta. Unagwada n'kundipatsa ndi manja awiri, ndipo ine bambo ako, m'malo moyamika, ndinati, "Ndiye zaka zonse zija ku koleji unkaphunzira kuzimitsa magetsi?" Azakhali ako anaseka, inenso ndinaseka. Iwe unangoti, "Zvakanakai, Baba," kutanthauza kuti chabwino, n'kutenga kalata yako. Kuyambira tsiku limenelo moni wako ndi wa mlendo, ndipo sindikukudzudzula. Ndinalakwa. Koma mawu aja sindinanene chifukwa chopeputsa ntchito yako ayi. Ndinachita mantha. Ukupita kukagwira ntchito ndi anthu amene ndakhala ndikuwazemba kwa zaka zambiri, ndipo sindikufuna kuti ukakhale pa desiki yawo usakudziwa kuti unabadwa kwa munthu wotani. Ukamaliza kuwerenga mwina sudzafunanso kundiyimbira foni. Ndalingalira zimenezo, komabe ndikulemba.

Ine ndinabadwira mu komboni ya mgodi, agogo ako atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzafuna ntchito. Mu komboni magetsi sitinkagula. Ankangobwera m'makoma ngati mmene madzi amabwerera m'mpopi, ndipo mababu ankayaka usana wonse popanda wodandaula. Nyengo yozizira tinkagoba njerwa n'kuikamo waya wopota, hita yatheka. Fiyuzi ikapsa tinkamanga ndi waya wa kopa wotola ku wekishopu, wonenepa bwino kuti isadzapsenso. Ukanandifunsa nthawi imeneyo kuti magetsi amachokera kuti, ndikanakuyankha kuti kwa manejala, ndipo ndikanalumbira. Sindinkadziwa kuti kutali kuli damu limene madzi ake akachepa ife kuno timagona mumdima, kapena kuti kuli malasha oyenera kukumbidwa ndi kunyamulidwa tsiku ndi tsiku. Sindinkadziwanso kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi kukhala pansi n'kuganizira dziko lonse, kuti migodi idzafuna ochuluka bwanji, minda yothirira bwanji, zipatala bwanji, ndi kuti akaperewera tikagule kwa anzathu a mayiko oyandikana nafe. Ndinakula ndi umbuli umenewo mpaka ndevu.

Tinadzadzimuka mgodi utaima. Mmawa wina magetsi a mu komboni anangothima, ndipo sanabwerenso. Tinasankhana amuna asanu, ine mmodzi wa iwo chifukwa cha pakamwa panga, n'kupita ku ofesi ya manejala. Tinapeza pakhomo pali loko wamkulu, udzu wayamba kale kumera pa masitepe. Tinaima pamenepo ngati ana osochera pamsika. Mlonda ndiye anatimvera chisoni. Anati, "Madhala, manejala analibe magetsi akeake. Nayenso ankagula. Pitani mutauni mukafunse a boma." Tinayenda maofesi atatu tisanapeze woti n'kutimvetsera, ndipo kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba kuti mzere wa mapolo sumangomera, pali amene amasankha kuti upite kuti, uyambe kufika kwa ndani, ndi kuti anthu azilipira motani. Ndinali ndi zaka zoposa makumi anayi. Iwe wadziwa zimenezi uli mtsikana, ndipo mawa ukhala mmodzi wa osankhawo. Ukamajambula mizere papepala, uzikumbukira kuti kumapeto kwa waya kuli munthu.

Tsopano za ntchito yanga. Anthu a ku Chiwaridzo kuno amanditcha katswiri wa magetsi, ndipo sindinawaletsepo. Zoona zake n'zoti ku mgodi ndinali wonyamula zida za amisiri. Pepala ndilibe, mayeso sindinalembepo. Ndinaphunzira poyang'ana, ndipo ndinaphunzira zambiri ndithu, zimenezo sindidzichepetsa. Chinthu chimodzi chimene anatikhomerera m'mutu pansi pa nthaka chinali ichi: ukazimitsa swichi kuti ugwire waya, umakhomapo loko wako, ndi kachitsulo kolembedwa nambala yako. Palibe wina amene angachotse, ngakhale manejala weniweniyo. Kapitawo wathu, mkulu wina wamfupi wa ku Tete, ankatikalipira m'Chilapalapa chake chija, chinenero cha m'migodi, "Ipi lo loko ka wena?" kufunsa kuti loko wako ali kuti. Akakupeza wopanda loko unkabwerera kumtunda tsiku lomwelo. Lamulo limenelo linkagwira chifukwa aliyense wolowa mumgodi, ngakhale wosesa, ankaphunzitsidwa tanthauzo la loko pa tsiku lake loyamba. Ine ndinatola mwambo wa loko n'kubwera nawo kunyumba, koma za kuphunzitsa aliyense zija ndinazisiya pansi pomwepo.

Ukukumbukira zaka zija magetsi ankapita mbandakucha n'kubwera anthu atagona. Unali ku pulayimale. Tinali titasamukira kuno, ndipo amayi ako ankaweta nkhuku n'kumagulitsa zokonzakonza kwa makorokoza, anyamata okumba golide paokha aja, amene akapeza kanthu safunsa mtengo. Firiji ndiyo inali munda wathu. Sabata ina nkhuku zonse zinaonongeka, tinakakwirira kuseri kwa nyumba, amayi ako akulira mwakachetechete. Ndiye ndinagula jenereta yakale kwa mnzanga wa ku lokishi ya Aerodrome. Njira yoyenera inali yoitana munthu wa mapepala kuti aike swichi yosinthira, imene ikalola jenereta kulowa m'nyumba imatsekeratu njira ya ku polo. Ine ndinati zimenezo n'za anthu osadziwa. Ndinatenga chingwe n'kuika pulagi mbali zonse ziwiri, mutu umodzi ku jenereta, wina mu soketi ya kukhoma, nyumba yonse n'kuyaka. Chofunika chinali kungotsitsa kaye swichi yaikulu ya pa mita, kuti magetsi a jenereta asatuluke kupita mumsewu. Pa swichi imeneyo panalibe pokolowekapo loko, choncho ndinkapachikapo chipewa changa chakale cha nsalu chimene ndinkavala mkati mwa chisoti ku mgodi. Kwa ine chipewa chimenecho chinali loko, ndipo ndinkadzitama kuti ndabweretsa mwambo wa mgodi m'nyumba.

Amayi ako sindinawauze. Anandifunsapo kamodzi kuti, "Bambo a Chisomo, chipewa chakudachi chikufuna chiyani pa mita?" Ine ndinati, "Zisiyeni, za magetsi simungazimve." Mawu anayi okha. Kufotokoza kukanatenga nthawi yochepa kuposa kumwa kapu ya tiyi, koma ndinkakonda kukhala munthu yekhayo m'nyumba wodziwa chinthu. Mwana wanga, ukadzaona kuti ukusangalala chifukwa ena sakumvetsa zimene iwe ukudziwa, udzadziwe kuti nthenda ya bambo ako yakupeza.

Chenjezo linabwera, sindinganame kuti silinabwere. Majenereta atachuluka mu lokishi muno, boma linatumiza anthu kudzachititsa msonkhano mu holo ya tchalitchi. Wolankhula anali mayi wina wachitsikana, msinkhu wako wa lerowu, atavala nsapato zafulati ndi jekete yonyezimira. Anafotokoza kuti jenereta yolumikizidwa mwa njira yangayi ikhoza kubweza magetsi ku polo n'kupha munthu amene akukonza waya akuganiza kuti ndi wozima. Ine ndinaimirira. Ndinati, "Mwanangu, ife tinagwira magetsi pansi pa nthaka inu musanabadwe. Timatsitsa swichi n'kuikapo chizindikiro. Musatiphunzitse ntchito." Amuna anaomba m'manja, ine n'kumadzimva kukoma. Mayi uja sanakwiye. Anandiyang'ana n'kunena mwaulemu kuti, "Baba, ku mgodi aliyense ankadziwa chizindikiro chanu. Kodi kunyumba kwanu onse akuchidziwa?" Ndinati, "Kunyumba kwanga ndimalamula ine." Anthu anaseka, msonkhano n'kuthera pomwepo. Anatisiyira timapepala ta Chingerezi tokhala ndi zithunzi, ndipo kanga ndinakolezera mbaula madzulo omwewo. Amayi ako ku msonkhanowo kunalibe, chifukwa ndinawauza kuti ndi wa amuna.

Linali Loweruka masana. Magetsi anali atatha masiku atatu osabwera chifukwa waya anaduka pakona paja pali mtengo wa mango. Ndinaliza jenereta, ndinatsitsa swichi, ndinapachika chipewa, n'kupita nyumba yachitatu kukakonza chitofu cha anthu. Ndili kumeneko anthu okonza mawaya anafika ndi makwerero awo. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anauza amayi ako pampanda kuti, "Afika, abwera posachedwa magetsi." Amayi ako ankachapa. Anapita pa mita, anaona swichi ili pansi, n'kuganiza kuti aikweze kuti magetsi akangobwera adziwe msanga, azimitse jenereta, petulo asapite pachabe. Anaonanso chipewa chodzaza fumbi ndi ukonde wa akangaude, anachitenga n'kuchiponya mu beseni. Zonse anachita ngati mayi wosamala pakhomo pake.

Kumene ndinali ndinamva jenereta yathu ikulira mwachilendo, ngati yalemedwa, kenako inazima. Nthawi yomweyo kunamveka kukuwa kukona. Ndinathamangira kumeneko. Munthu anali pansi pa polo, mwendo utapindika molakwika, dzanja lamanzere litapsa, anzake akumuitana dzina. Mmodzi wa iwo ankangobwereza kuti, "Tinazimitsa, tinazimitsa tokha, achokera kuti magetsiwa?" Ine ndinaima m'gulu la anthu n'kumapukusa mutu pamodzi nawo. Kenako ndinabwerera kunyumba mwakachetechete. Ndisanalowe n'komwe pageti ndinaona chipewa changa chili pa chingwe choyanikira zovala, chikudontha madzi.

Munthu ameneyo ukumudziwa. Ndi a Mhofu, amene amagulitsa tomato ndi anyezi patebulo pa renki, a ndodo aja, amene umawatcha sekuru, kunena kuti agogo, kuyambira uli mwana. Ntchito yawo inathera pa polo paja. Anali ndi ana anayi.

Tsiku limenelo ndinalowa m'nyumba, ndinatsitsa swichi, ndinazula chingwe, kenako ndinaitana amayi ako kuchipinda. Ndinawafunsa kuti, "Wachotsa chipewa pa mita ndani?" Anati, "Ndine, chinada." Ndinati, "Mwaona zimene mwachita? Munthu wagwa pa polo chifukwa cha inu." Anakhala pansi pa simenti, manja ali ndi thovu la sopo. Sanandikumbutse kuti anafunsapo za chipewacho ine n'kuwakaniza yankho. Sanandikumbutse tsiku limenelo, ndipo sanandikumbutsepo mpaka kalekale. Madzulo ndinanyamula jenereta pa wilibala, nditaifunditsa matumba, n'kukaisiya kwa amalume ako. Patapita masiku a boma anayenda nyumba ndi nyumba kufunsa amene anali ndi jenereta mu mzere wathu, ndipo mmodzi wa iwo anali mayi wa mu holo uja. Ndinamuyankha ndili chiimire pakhomo kuti, "Ife tilibe, onani nokha." Anayang'ana, sanapeze kanthu. Anandithokoza n'kupita nyumba yotsatira. Majenereta anali ambiri, ndipo nkhaniyo inazilala.

Unkadabwa chifukwa chake amayi ako pa Khirisimasi iliyonse ankakutuma ndi nkhuku yaikulu kwa a Mhofu, pamene si abale athu ndipo sitipemphera nawo. Unkadabwanso kuti ine ndimagula tomato patebulo pawo pokha, ngakhale atafota, ndipo sinditsitsa mtengo, ine amene ndimakangana ndi wogulitsa machesi. A Mhofu amandilandira ndi chimwemwe. Amati, "Maswera sei, a Phiri, kasitoma wanga wokhulupirika," n'kundiwonjezera anyezi mmodzi. Anyezi ameneyo ndamudya kwa zaka zonsezi ndipo sanandikomerepo. Ndinkadziuza kuti kugula tomato ndi kupepesa. Sikupepesa, mwana wanga, ndi kugula tomato basi.

Chimene chimandilepheretsa tulo kwambiri ndi cha kuchipatala. Amayi ako atatsala masiku awiri kuti amwalire, iwe utapita kukagula madzi akumwa, anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti, "Bambo a Chisomo, kodi Mulungu andikhululukira za bambo a pa polo aja?" Apo ndi pomwe ndikananena kuti inu mulibe mlandu, chingwe ndinapanga ndine, chipewa ndinapachika ndine, munandifunsa ine n'kukunyozani. Koma ndinati, "Akukhululukirani, musadandaule." Ndinawakhululukira tchimo langa lomwe, ngati m'busa. Anatseka maso n'kunena kuti zikomo. Anapita akudziyesa wopundula munthu, mkazi amene cholakwa chake chinali kuchapa chipewa chakuda. Zimenezi sindingazikonze, ndipo ndikumva chisoni chimene sindidziwa pochiika.

Tsopano wamva chifukwa chake kalata yako ya ntchito inandiopsa. Ndinaona mayi wa mu holo uja atalowa m'nyumba mwanga, ndipo anali mwana wanga yemwe. Ndiye ndilole ndikuuze zochepa, osati ngati katswiri, koma ngati munthu amene anaona mmene zinthu zimaonongekera.

Malamulo amene mukalembe kumeneko, oti jenereta ilumikizidwe motere, waya akhale wonenepa motere, gasi adzazidwe pamalo otere, anthu adzakuuzani kuti ndi mapepala chabe ovutitsa amphawi. Ine ndinanena zimenezo mokweza kuposa onse. Usawamvere. Lamulo lija la swichi yosinthira analemba munthu amene sanandionepo, koma ankadziwa kuti tsiku lina m'nyumba ina mudzakhala mwamuna wodzikuza ndi mkazi wosauzidwa. Swichi imeneyo sidalira kuti wina akumbukire kapena afotokoze. Zikanakhala kuti ndinamvera, a Mhofu bwenzi akukwerabe mapolo. Ukamalemba lamulo usalembere munthu wanzeru ndi wofatsa, ulembere munthu ngati ine.

Koma usakhutire ndi kulemba. Mayi uja ananena zoona, komabe zoona zake zinathera mu holo yodzaza amuna, ndi pa kapepala ka Chingerezi. Akanafika pampanda pamene amayi amachezera, akananena m'Chishona kapena m'Chichewa chathu chomwechi kuti mukaona swichi ili pansi jenereta ikulira musaikweze, amayi ako akanamva kamodzi kokha n'kusunga. Sindikumuimba mlandu, wotseka khomo ndinali ine. Ndikungoti iwe ukadzatumidwa kumalokishi ndi kumafamu, usadzafunse kuti bambo a pano ali kuti. Udzafunse kuti amene amakhala pakhomo masana ndani, amene amayatsa chitofu ndani, amene amachapa ndani. Ndipo mdala wina akadzaimirira n'kukuuza kuti anagwira magetsi iwe usanabadwe, anthu n'kuomba m'manja, usadzapinde mapepala ako n'kumapita. Udzamufunse funso lija, kenako udzapite kunyumba kwake ukafunsenso mkazi wake. Adzakutukwana, koma pita.

Anthu opanda mapepala ngati ine usawanyoze. Tilipo ambiri mu Bindura muno, otsala ku migodi, ndipo ndife amene timalumikiza nyumba za anthu chifukwa amisiri enieni safika kuno, kapena anthu sangawakwanitse. Mukangotiopseza timabisala, ndipo ntchito yobisala ndiyo yoipa kwambiri. Ukadzakhala ndi mawu kumeneko, udzanene kuti anthu otere aziitanidwa, aphunzitsidwe zimene akusowa, ayesedwe ndi manja osati ndi cholembera chokha. Ine wina akanandiitana mwa njira imeneyo mwina ndikanapita, ngakhale ndikanapita ndikung'ung'udza.

Chachikulu n'chakuti magetsi akasowa anthu sakhala manja lende mumdima. Amapeza njira, ndipo njira zathu ndi zimene wamvazi. Wina amasunga petulo m'chigubu pansi pa bedi pamene pagona ana. Wina amadzazitsa gasi pamsewu kwa munthu wopanda sikelo. Wina amagula sola yonyenga imene imafa mvula yoyamba. Azakhali ako kufamu amadula mitengo yomwe inatsala, ndipo ukudziwa mmene chifuwa chawo chilili ndi utsi. Zonsezi zimayamba pamene magetsi apita. Choncho ntchito yeniyeni ya ofesi yako si kugwira anthu ngati ine, ndi kuonetsetsa kuti dziko lili ndi magetsi okwanira, kuti munthu asafike poganiza zopanga chingwe cha mitu iwiri. Imeneyo ndi ntchito ya zaka, yosaoneka, ndipo palibe amene adzakuthokoze. Babu ikayaka anthu amati yayaka, ikazima amatukwana boma. M'kombi udzamva akutukwana ofesi yako, ena mwa mawu omwe ndinanena ine Lamlungu lija. Usadzabise kumene umagwira ntchito, ndiponso usadzakwiye. Udzamvetsere, chifukwa wotukwanayo mwina wakwirira nkhuku zake dzulo.

Kudzabwera anthu a masuti ofuna kuti mzere wa mapolo ukhotere ku malo awo, kapena kuti katundu wawo wosayenera aloledwe kulowa m'dziko. Sadzabwera ndi nkhope zoipa. Adzakutcha mwana wawo, adzafunsa za thanzi la bambo ako, adzakusiyira kanthu koti ugulire zakumwa. Ukadzalandira kamodzi, dzanja lako lidzakhala lawo. Ndipo mzere ukakhota, kwinakwake kachipatala ka kumafamu kadzatsala mumdima, anamwino akubereketsa ndi tochi ya foni ili kukamwa. Iwe sudzawaona, monga mmene ine sindinawaone a Mhofu pamene ndinkamanga chingwe changa patebulo la kukhitchini. Kumapeto kwa waya kuli munthu, Chisomo, ngakhale iwe uli kutali ndipo sukumudziwa dzina.

Ukadzalakwitsa, chifukwa udzalakwitsa ndithu, udzanene tsiku lomwelo. Usadzayang'ane wamng'ono kwa iwe woti umusenzetse, kalaliki kapena dalaivala kapena mtsikana wophunzira ntchito. Kusenzetsa wina n'kosavuta, ine zinanditengera mawu ochepa chabe kuchipinda kuja, ndipo wosenzetsedwayo akakhala wokukonda sakana n'komwe. Tsiku loyamba kunena zoona kumawawa, koma ukadikira chaka kumakhala kovuta kuposa, ndipo ukadikira monga ndadikirira ine umapeza woyenera kumva uja kulibenso.

Zina ndi zazing'ono. Nyumba imene ukakhale ku Harare uyang'ane soketi zake usanalipire, ukaona zakuda m'mbali usagone m'menemo. Uzidya m'mawa usanapite ku ntchito, suli ngati ngamila. Tchalitchi upeze msanga. Chichewa usachitaye, ngakhale chako chili chopindika, chifukwa tsiku lina udzaima pamaso pa gogo wina wa kufamu amene Chingerezi chako sichidzamuthandiza. Jekete ya amayi ako yabuluu ija ndaiika pamwamba m'chikwama, ku Harare kumazizira kuposa kuno.

Pansi m'chikwama chomwecho upeza kaphukusi. Ndi chipewa chija, ndipo mkati mwake ndakulungamo chingwe cha mitu iwiri. Ndinachisunga padenga zaka zonsezi, sindikudziwa chifukwa chake. Lero masana ndachitsitsa n'kuchidula pakati kuti chisadzagwirenso ntchito. Ukadzapita kukaphunzitsa anthu udzachitenge, udzachikweze m'mwamba kuti onse aone, ndipo udzafotokoze nkhani yonse. Usadzanene kuti ndi cha bambo wina wake wa ku Bindura. Udzanene kuti ndi cha bambo ako, ndipo udzanenenso kuti mkazi wake analibe mlandu. Ndikufuna mawu amenewo anenedwe pagulu, kangapo, ndi mwana wawo, popeza ine ndinalephera kuwanena kamodzi kokha pamene ankafunika.

Za Lamlungu lija ndikupepesa. Ndimakunyadira, ndipo ndinayamba kukunyadira usanagwade n'komwe ndi kalata ija. Za zinazi sindikupempha kuti undikhululukire msanga. Ukafuna kukhala chete mwezi kapena chaka, khala, foni yanga idzakhala yoyaka magetsi akakhalapo.

Pamene ukuwerenga apa basi yadutsa kale minda ya malalanje, ndipo mwina ukukumbuka kuti basiyo itanyamuka pa renki m'mawa uno sindinatembenukire njira ya kunyumba. Unandiona ndikupita ku tebulo la a Mhofu, ndipo unaganiza kuti mdala akukagula tomato wake wofota uja. Sindinatenge thumba lero. Ndikukawapempha kuti atseke tebulo kanthawi, tikhale pa benchi ya kuseri, ndiwauze kumene anachokera magetsi aja. Sindikudziwa chimene achite. Akafuna kundimenya ndi ndodo yawo ndiima, akafuna tipite kupolisi tipita. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndiyamba ndi dzina la amayi ako, kuti amene ankatumiza nkhuku zija anali munthu wosalakwa.

Uyende bwino, mwana wanga. Ukafika uwauze azakhali ako kuti wafika, iwo andiuza.

Ndine bambo ako,
Amoni Phiri